Kanjedza wa mafuta womeretsedwa m'botolo

Sabata imene tinali kuphunzira za nazale, aliyense wa inu a caka coyamba anapatsidwa nthambi khumi zodula, kampeni ndi kabotolo ka ufa woyera. Munanyowetsa tsinde la nthambi iliyonse, n'kuliviika mu ufawo, n'kugwedeza kuti wotsala ugwe, kenaka n'kuzika nthambiyo mumcenga. Nthambi zina tinazizika popanda ufa. Titazizula patapita masabata asanu, panalibe wofuna kuuzidwa kuti zoviikidwa ndi ziti, pakuti mizu yake inali yowirira ngati ndevu. Mmodzi wa inu anafunsa ngati ufawo ndi feteleza. Tinayankha kuti ai, ndipo tinalonjeza kuti tidzafotokoza bwino tsiku lina.

Lonjezo limenelo tikanalizengereza ndithu. Koma mwezi womwewo tinalandira kalata yocokera kwa amai ena amene anatsiriza maphunziro ao pano zaka zisanu ndi cimodzi zapitazo, ndipo tsopano akulima ku cigwa ca Luapula, kwao kwa amuna ao. Gulu lao la alimi lauzidwa za mbande za kanjedza wa mafuta zimene wogulitsa akuti zinapangidwa mu labotale. Akuti mbande zonsezo zinacokera ku mtengo umodzi wobereka kwambiri, ndipo zidzabereka monga mtengowo. Ndalama zake n'zoculuka kuposa za mbande wamba, ndipo kuti gulu ligule liyenera kutapa m'thumba limene lakhala likusonkha kwa zaka zitatu. Amaiwo afunsa zinthu zitatu: kodi mtengo ungapangidwedi m'botolo, kodi zimenezi si GMO, ndipo kodi agule?

Funso la ufa ndi funso la kanjedza yankho lake limayambira pamodzi, motero tiwayankhira pamodzi.

Mtengo wa nsonga imodzi

Kuno kum'mawa kanjedza wa mafuta sitimudziwa kwenikweni. Mafuta athu amacokera ku mpendadzuwa, nshawa, soya ndi njere za thonje, ndipo ambiri a inu munayengapo mpendadzuwa pa makina a manja a Yenga. Anzathu a ku Luapula ndiwo akhala akuphikira mafuta ofiira a kanjedza kuyambira kale, ndipo amawacha cinkondya. A ku Karonga m'Malawi amati mawese. Kwao kwa mtengowu ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa. Mu 1848 mitengo inai inabzalidwa m'munda wa zomera ku Bogor, pa cisumbu ca Java, ndipo mbadwa zake ndizo zinayambitsa minda ikuluikulu ya ku Asia. Lero Indonesia ndi Malaysia amatulutsa pafupifupi 85 pa 100 ya mafuta onse a kanjedza pa dziko lapansi. Hekitala imodzi yosamalidwa bwino imapatsa matani 3 kapena 4 a mafuta pa caka, pamene hekitala ya soya sifika ngakhale pa tani imodzi ya mafuta. Saladi wambiri wa m'masitolo athu muli mafuta a kanjedza ogulidwa kunja, ndipo n'cifukwa cake munda wa Zampalm unatsegulidwa ku dera la Mpika, lomwe tsopano lili m'boma la Kanchibiya.

Vuto la mtengowu kwa mlimi ndi lakuti uli ndi nsonga imodzi yokha yokulira, yobisika pakati pa masamba pamwamba pa thunthu. Ulibe nthambi zoti n'kudula monga cinangwa, sutulutsa ana m'mbali monga nthoci, ndiponso sungamezanitsidwe monga mango kapena malalanje. Mukapeza kanjedza mmodzi wobereka kuposa anzake onse m'munda, njira yokha imene makolo anali nayo yomufalitsira inali njere, ndipo njere sizibweza mtengo womwewo.

Pali mitundu itatu ya cipatso. Dura ali ndi cikamba cokhuthala ndi mnofu wocepa. Pisifera alibe cikamba, koma kawirikawiri mikoko yake imafota isanakhwime. Tenera, amene ali ndi cikamba copyapyala ndi mnofu wambiri wa mafuta, ndi mwana wa awiriwa, monga momwe akatswiri a ku Yangambi m'dziko la Congo anaonetsera mu 1941. Mbeu yabwino ya kanjedza imapangidwa potenga mungu wa pisifera n'kuuthira pa maluwa a dura. Koma mlimi akatola njere pansi pa tenera wake n'kuzifesa, mwa mitengo inai iliyonse umodzi udzakhala dura, iwiri tenera, ndipo umodzi pisifera wosabereka. Amai athu a ku Luapula mfundo imeneyi aigwiritse, cifukwa imakhudza mbande zambiri zogulitsidwa m'mbali mwa mseu. Ndipo ngakhale mbeu yeniyeni ya tenera, ana ake safanana onse. M'hekitala mumalowa mitengo 143, imene idzakhalamo zaka 25 kapena kuposa, ndipo mtengo waulesi umadya feteleza ndi malo kwa zaka zonsezo monga mnzake wakhama. Apa m'pamene maganizo a akatswiri anatembenukira ku botolo.

Zimene zili mu ufa uja

Mu ufa wa ku nazale muli mankhwala ochedwa IBA, amene ali m'gulu la mahomoni a zomera. Homoni sidyetsa mbeu monga acitira feteleza. Nchito yake ndi kuuza maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene thupi la mbeu linamangidwa nato, zoti acite: agawikane, atalike, asanduke muzu kapena mphukira, kapena angokhala duu.

Woyamba kukaikira kuti m'zomera muli uthenga wotere anali Charles Darwin ndi mwana wake Francis, amene mu 1880 anaona kuti kaudzu kongomera kumene kamapindikira ku kuwala, koma nsonga yake ikaphimbidwa sikapindika. Nsonga ndiyo inali kuona, ndipo tsinde linali kungomvera. Ca m'ma 1926 wophunzira wina wa ku Utrecht m'dziko la Netherlands, Frits Went, anadula tinsonga ta mbeu ya oats n'kutiika pa tizidutswa ta phala louma, ndipo cinthu cosaonekaco cinatsikira m'phalamo. Kadutswa kameneko kataikidwa mbali imodzi ya tsinde lodulidwa nsonga, tsindelo linapindika. Homoniyo inachedwa auxin. Imapangidwa ku nsonga ndi m'masamba anthete, imayenda motsika, imaletsa maso a m'mbali kuphukira ndipo imaitana mizu. Aliyense wolima fodya anaona kale nchito yake: mukadula nsonga ya fodya, mphukira zimabuka paliponse m'mbali, cifukwa woziletsa wacoka. Nthambi yodula nayo imamera mizu kunsi cifukwa auxin amatsika n'kuunjikana pa bala, ndipo ufa wathu umangoonjezera pa amene alipo kale.

Homoni yaciwiri inapezeka movutikira. Folke Skoog ndi anzake pa yunivesite ya Wisconsin ku America anali kuyesa kukulitsa mtima wa tsinde la fodya m'mabotolo. Ndi auxin yekha maselo anali kungofufuma osagawikana. Madzi a kokonati anali kuthandiza, koma panalibe wodziwa cimene cinali m'madzimo. Mu 1955 Carlos Miller, wa m'gulu lomwelo, anapeza mankhwala ogawanitsa maselo mu DNA yakale yocokera ku nsomba za herring, ndipo anawacha kinetin. Gulu lonse la mahomoni otere limachedwa cytokinin. Wacibadwidwe woyamba kudziwika anapezeka mu 1963 m'maso a cimanga caciwisi, n'cifukwa cake anachedwa zeatin, kucokera ku dzina la cimanga la akatswiri, Zea mays. Cytokinin amapangidwa makamaka ku mizu, amayenda mokwera, ndipo amadzutsa mphukira.

Mu 1957 Skoog ndi Miller anafalitsa cimene mpaka lero ndico maziko a nchito yonseyi. Anaona kuti cofunika ndi kuculukana kwa mahomoni awiriwa. Auxin akaculuka kuposa cytokinin, kadutswa ka fodya kamamera mizu. Cytokinin akaculuka, kamatulutsa mphukira. Akakhala pakati, kamangofufuma n'kukhala cibuma ca maselo opanda maonekedwe, cimene amacicha callus, cofanana ndi kanyama koyera kamene kamatupa pa bala la phesi la cinangwa lisanamere mizu. Kalelo mu 1902 Gottlieb Haberlandt ananena kuti selo limodzi la mbeu lili ndi zonse zofunika kupanga mbeu yathunthu, koma iye mwini analephera kuzionetsa. Mu 1958 F. C. Steward anameretsa karoti wathunthu kucokera ku maselo a muzu wake. Mu 1962 Toshio Murashige ndi Skoog anafalitsa muyeso wa cakudya ca m'botolo umene malabotale ambiri amagwiritsabe nchito, wochedwa MS. Njira yonseyi ndiyo imene imachedwa tissue culture.

Cakudyaco ndi madzi, mcere wa mitundumitundu wonga wa mu feteleza, mavitamini, shuga wokwana magalamu 30 pa lita, ndi agar, ufa wocokera ku ndere za m'nyanja yamcere umene umaumitsa madziwo kukhala ngati phala lozizira. Shuga amafunika cifukwa kadutswa ka m'botolo sikatha kudzipangira cakudya ndi dzuwa. Koma shuga yemweyo amakondedwanso ndi nkhungu ndi mabakiteriya, amene amakula mofulumira kuposa mbeu. Conco cakudya ndi zida zonse zimaphikidwa m'cipangizo conga poto wotseka wa nthunzi, pa madigiri 121 kwa mphindi 15 kapena 20. Kadutswa ka mbeu kamatsukidwa ndi spiriti ndi mankhwala onga Jik, ndipo wogwira nchito amadulira m'kabati yopemerera mpweya wosefedwa. Mabotolo amasungidwa m'cipinda cimene kutentha kwake sikusinthasintha. Ife amene tikukumbukira mmene magetsi anazimira mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, tingathe kuona cifukwa cake nchito imeneyi siingacitikire pa sukulu yonga yathu.

Muyeso wa mahomoni ndi umene umadabwitsa kwambiri. Kawirikawiri amayesedwa m'mamiligalamu pa lita. Kuti mumvetse miligalamu imodzi pa lita, ganizirani sipuni yaing'ono imodzi, ya magalamu 5, yosungunulidwa m'madiramu 25 a malita 200. Mmodzi wa ma auxin opangidwa m'fakitale amene malabotale amadalira ndi 2,4-D, yemwe uja timapopera m'cimanga kuti aphe udzu wa masamba aakulu. Amapha udzuwo poukulitsa mosalongosoka mpaka upindike n'kufa. M'munda ndi wakupha, m'botolo ndi woyambitsa callus, ndipo casiyanitsa ndi muyeso cabe. Inu amene mumaganiza kuti kuviika nthambi kawiri mu ufa kubweretsa mizu yowirikiza, dziwani kuti ufa woculuka umaocha tsinde.

Njira yaifupi ndi njira yaitali

Pa nthoci nchitoyi siivuta kwambiri. Amatenga mwana wa nthoci, n'kumusenda mpaka patsale kansonga kokulira, n'kukaika pa cakudya cokhala ndi cytokinin wochedwa BAP. Kansongako kamabala mphukira zingapo, zimene amazigawa n'kuziika m'mabotolo atsopano pafupifupi mwezi uliwonse. Ngati mphukira iliyonse ibala zitatu, pogawa kasanu ndi kawiri mwakhala ndi mphukira 2,187. Pomaliza amacepetsa cytokinin, n'kuika auxin kuti mizu imere. Apa maselo sanakakamizidwe kusintha nchito yao, pakuti mphukira yangobala mphukira. Ngakhale zili conco malabotale osamala amaleka kugawa pakapita maulendo owerengeka n'kuyambanso ndi mwana watsopano, cifukwa kugawa kukapitirira mumayamba kutuluka nthoci zopinimbira ndi zina zacilendo. Njira yomweyi, pamodzi ndi kupima matenda, ndiyo imathandiza kupeza mbeu ya nthoci ndi cinangwa yopanda mavairasi, nkhani imene yakula m'dziko lathu kucokera pamene matenda oola mizu ya cinangwa a brown streak anapezeka ku Chienge ndi Kaputa mu 2017.

Kanjedza salola njira yaifupiyi. Nsonga yake ndi imodzi, ndipo kuicotsa ndi kupha mtengo umene mukufuna kuufalitsa. Motero amakwera mumtengo wosankhidwawo, n'kudula mtolo wa masamba anthete amene sanatambasuke, pamwamba pang'ono pa nsongayo, kuti mtengo uphukenso. Masamba oyererawo amawaduladula tizidutswa tambirimbiri n'kutiika mumdima pa cakudya ca auxin wamphamvu, 2,4-D kapena NAA, nthawi zambiri cosakaniza ndi makala osalala amene amayamwa zoipa zotuluka pa mabala. Pakapita miyezi, tizidutswa tina timatupa callus m'mphepete. Tambiri sititupa konse. Callus ameneyo amasamutsidwa kucoka m'botolo kupita m'botolo kwa miyezi inanso yambiri, ndipo mwa zibuma 100, kawirikawiri zosakwana 10 ndizo zimabala timiluza toyera tofanana ndi kamluza ka m'kati mwa njere. Timiluzato amaticulukitsa, kenaka amacotsa auxin kuti titulutse masamba, n'kubwezeranso auxin wocepa kuti mizu imere. Kucokera tsiku lokwera mumtengo kufikira tsiku lobzala m'munda pamapita zaka zitatu kapena kuposa.

Tsono onani cimene cacitika. Selo limene linabadwa kuti likhale tsamba lakakamizidwa ndi homoni kuiwala utsamba wake, kukhala zaka m'botolo likugawikana, ndi kuyambanso moyo ngati mluza.

Zimene zinacitika ku Malaysia

Akatswiri a kampani ya Unilever ku England ndi akatswiri a ku France, amene anali kugwira nchito ndi malo ofufuzira a La Mé ku Côte d'Ivoire, anakwanitsa kumeretsa kanjedza m'botolo m'zaka za m'ma 1970. Mitengo yoyamba inabzalidwa ku Malaysia mu 1977, ndipo inakula bwino, yofanana msinkhu ngati asilikali pa mzere. Ciyembekezo cinali cakuti mafuta adzaonjezeka ndi 20 kapena 30 pa 100. Makampani anamanga malabotale, ndipo nchito inayamba kuthamangitsidwa kuti mbande zituluke zambiri.

Mu 1986 kunafalitsidwa lipoti lakuti mitengo yambiri ya m'gulu lobzalidwa pambuyo pake inali kubala maluwa opunduka. Pa duwa lacikazi la kanjedza pali tiziwalo tacimuna timene mwacibadwa timangokhala tofota. Pa mitengo imeneyi tiziwaloto tinali kufufuma n'kusanduka mnofu wokuta cipatso ngati copfunda, ndipo cilemaci anacicha mantled. Pamene cinali cocepa mtengo unali kuberekabe, ndipo ina inacira patapita zaka. Pamene cinali cacikulu zipatso zinalibe njere, mkoko wonse unali kuola usanapse, ndipo mafuta panalibe. Coipitsitsa cinali cakuti mbande yodwala sinali kusiyana ndi yabwino. M'botolo inali yobiriwira, ku nazale inali yamphamvu, m'munda inali kukula bwino. Cilema cinali kuonekera pokhapokha mtengo utayamba maluwa, patapita zaka ziwiri kapena zitatu ubzalidwire, mwini munda atalipira kale mbande, feteleza ndi anchito. Minda ina inazulidwa, ndipo kwa zaka zambiri alimi a kanjedza sanafune kumvanso za mbande za m'botolo.

Akatswiri anapima majini a mitengo yodwala ndi a mitengo yabwino, koma sanapeze kusiyana. Ici cinawazunguza mutu kwa zaka pafupifupi 30. Cimene anayamba kuona ndi cakuti cilemaco cinali kutsata kaleredwe ka m'botolo. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2002 anaonetsa kuti timiluza toculukitsidwa pa cakudya cokhala ndi cytokinin wambiri poyerekeza ndi auxin, ndiponso tosamutsidwa pafupipafupi, tinabala mitengo yambiri yopunduka kuposa toleredwa mofatsa. Zimene zinali kufulumizitsa nchito ndi zomwe zinali kuononga mbeu. Malabotale anacepetsa mahomoni, anafupikitsa nthawi imene gulu limodzi la maselo limakhala m'botolo, ndipo cilema cinatsika kufika pa mitengo pafupifupi 5 pa 100, ngakhale kuti magulu ena anali kuipabe kwambiri mosayembekezeka.

Gwero lake linadziwika mu 2015, pamene gulu lotsogozedwa ndi Meilina Ong-Abdullah wa ku Malaysian Palm Oil Board, pamodzi ndi Robert Martienssen wa ku Cold Spring Harbor ku America, linafalitsa zimene linapeza m'magazini ya Nature. M'kati mwa jini imene imalamula kapangidwe ka ziwalo za duwa muli kacigawo ka DNA kamene anakacha Karma. Mumtengo wabwino kacigawoka kamakhala kotsekedwa ndi tizizindikiro ta mankhwala, monga khomo la nkhokwe lomangidwa ndi luzi, ndipo selo powerenga jiniyo limakadumpha. M'botolo tizizindikiroto nthawi zina timayoyoka. Zikatero selo limawerenga molakwa, uthenga umathera panjira, ndipo duwa limapangika mopunduka. Mau a m'jini sanasinthe ngakhale limodzi. Casintha ndi kawerengedwe. Phindu la zimenezi kwa mlimi ndi lakuti tsopano kadutswa ka tsamba la mbande kangathe kupimidwa mbandeyo ikali ku nazale, ndipo yokaikitsa n'kutayidwa isanadye malo m'munda. Komabe mpaka lero mitengo yoculuka kwambiri ya kanjedza pa dziko lapansi imacokera ku njere za tenera, ndipo ya m'botolo ndi gawo laling'ono.

Nanga nshawa ndi mpendadzuwa wathu?

Wina angafunse cifukwa cake sitimva za nshawa za m'botolo. Yankho ndi masamu. Nshawa zimadzipatsa mungu zokha, motero MGV4 kapena MGV5 wa ku Msekera mukamusunga bwino amabweza mtundu wake. M'hekitala mumalowa mapando zikwi makumi ambiri, ndipo mbeuyo imakhala m'munda miyezi inai cabe. Palibe angalipire mbande ya m'labotale pa phando lililonse. Pa mbeu zotere botolo limathandiza obereketsa mitundu yatsopano okha, mwacitsanzo populumutsa kamluza ka nshawa zokwatitsidwa ndi abale ake a m'chire, kamene kakanafera m'khoko kasanakhwime. Botolo limapindula pa mtengo wokhalitsa, wa mapando ocepa, umene njere zake sizibweza mtundu.

Jatrofa, amene ena amamucha msatsimanga, akanayenera kukhala m'gulu limeneli. Akale a pano mukukumbukira zaka za m'ma 2006 mpaka 2009, pamene alimi ambiri m'dziko muno analimbikitsidwa kumubzala kuti apange mafuta a galimoto. Njere zinatoledwa paliponse m'mipanda, popanda wodziwa kuti mtengo wobereka bwino ndi uti. Mitengo ina inabala, yambiri inangobiriwira, ndipo ogula anazimiririka. Njira yomeretsera jatrofa m'botolo inalipo kale, pakuti akatswiri a ku Hyderabad ku India anaifalitsa mu 1996. Cimene cinasowa ndi mtengo woyenera kuufalitsa, woyesedwa pa sikelo caka ndi caka. Botolo limangobwereza cimene mwaikamo, ndipo mukaikamo mtengo waulesi mudzatulutsa aulesi zikwi.

Yankho lathu kwa amai a ku Luapula

Pa funso loyamba, inde amai, kanjedza amameretsedwadi m'botolo, ndipo wocokera ku labotale yosamala angathe kubereka kuposa wa njere.

Pa funso laciwiri, mbande za m'botolo si GMO. Tikudziwa cifukwa cake mwafunsa, pakuti kucokera mu 2002, pamene boma la President Levy Mwanawasa linakana cimanga ca thandizo cosinthidwa majini, mau akuti labotale amatidzidzimutsa. Mbeu ya GMO ndi imene yaikidwa jini yocokera kwina kapena kusinthidwa majini mwadala. M'botolo la tissue culture simulowa jini yacilendo. Ndi phesi la cinangwa lomwe lija, koma locepetsedwa kwambiri. Zoona, opanga GMO amagwiritsanso nchito botolo pomeretsa maselo amene awasintha, monga momwe wophika nsima ndi wophika mowa onse amagwiritsira nchito moto, koma nchito zao n'zosiyana. Mahomoni nawonso satsalira mumtengo kufikira m'mafuta.

Funso lacitatu ndi limene tacedwapo. Malabotale a kanjedza ndi ocepa, ndipo ambiri ali ku Asia ndi ku Central America. Munthu akabwera pamudzi ndi mbande n'kunena kuti n'za m'botolo, coyamba kukaikira ndi cakuti mwina si za m'botolo konse, koma njere zotola pansi pa mitengo zopatsidwa dzina lokwera. Afunseni dzina la labotale, dzina kapena nambala ya mtundu, ndi mapepala a boma olowetsera mbeu m'dziko. Afunseni ngati mbandezo zinapimidwa cilema ca mantled, ndiponso kuti ndani adzakubwezerani ndalama mitengo ikabala zopunduka m'caka cacitatu. Mapepalawo mupite nawo kwa alangizi a zaulimi a m'boma lanu, amene angathe kufunsa ku SCCI kapena ku ZARI ku Mount Makulu, ku Chilanga. Wogulitsa woona sakwiya ndi mafunso otere.

Zonse zikakhala bwino, tikanakhala ife sitikanathira thumba lonse la gulu pa mtundu umodzi. Mitengo yocokera ku mai mmodzi imafanana pa mphamvu, imafanananso pa kufooka, ndipo nthenda yogwira umodzi imagwira yonse. Olima nthoci anaphunzira zimenezi pamene matenda a Panama anatha minda ya Gros Michel m'zaka za m'ma 1950, ndipo mtundu watsopano wa nthenda yomweyo unapezeka ku Nampula m'dziko la Mozambique mu 2013. Ndiponso mtundu wosankhidwa ku dziko la mvula ya mamilimita 2,000 yogwa caka conse sunayesedwe ndi cilimwe cathu ca miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Lima imodzi imalowa mitengo pafupifupi 36. Bzalani lima imodzi ya mbande zimenezo pafupi ndi lima ya tenera wa njere zodziwika gwero lake, muzipima mikoko pa sikelo ndi kulemba m'buku, ndipo ndalama zotsala zidikire. Inu a kuno kum'mawa, kumene mvula imangozungulira pa mamilimita 1,000 ndipo June amazizira, kanjedza musamuyese pokhapokha muli ndi madzi othirira caka conse.

Mbande iliyonse yocokera m'botolo, kaya ya kanjedza kapena ya nthoci, imafika ili yanthete kuposa mmene ionekera. Yakulira m'cinyontho cokhacokha, masamba ake alibe phula lokwanira lochinga madzi, timabowo take topumira sititseka bwino, ndipo siinazolowere kudzipangira cakudya. Mukaiika pa dzuwa tsiku lomwelo imafota pasanathe maola. Imafunika kutsukidwa agar yense ku mizu kuti nkhungu isamere, kubzalidwa m'dothi lophikidwa, kuphimbidwa ndi pulasitiki pa mthunzi, ndi kutseguliridwa pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Pogula, funsani ngati nchito imeneyi inacitika kale. Ngati siinacitike, mbande zambiri zidzafera m'manja mwanu ndipo wogulitsa adzati cifukwa ndi inu.

Teremu ikubwerayi a caka caciwiri adzamanga kanyumba kozoloweretsera mbande kuseri kwa nazale, ka nsungwi, udzu ndi pulasitiki, ndipo tidzayamba ndi nthoci. A caka coyamba adzabwereza nchito ya ufa uja pa magulu atatu a nthambi: losaviika, loviika kamodzi ndi loviika mopitirira muyeso, ndipo mizu idzawerengedwa pa sabata lacisanu. Akale amene muli ndi mtengo wa mango, kotapeya kapena jatrofa umene mumauyamikira, yambani kulemba zokolola zake nyengo ino, ndipo bukulo mubwere nalo pa msonkhano wa akale.